Chopepuka koma chosathyoka: mafunso ndi mayankho pa kulimbitsa zinthu za timabowo zochokera ku zomera

Tengani phesi louma la chimanga, mulisende khungu. M'katimo mupeza chinthu choyera chofewa, chija tinkapangira magalimoto ndi magalasi a m'maso tili ana. M'dzanja simuchimva kulemera. Koma tachipindani: thyo! Chifinyeni ndi chala, dzenje litsala pomwepo osabwereranso. Chisiyeni panja usiku wamvula, m'mawa chatota, pakutha sabata chada. Akatswiri a ku Sweden, Japan, China ndi America akhala zaka zambiri akulimbana ndi mavuto atatu omwewa, ngakhale kuti iwo amagwiritsa makina odula. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene anthu amabwera nawo kawirikawiri akamva nkhani ya "thabwa lolimba ngati chitsulo" kapena "siponji yamtengo".

Kodi zinthu za timabowo zochokera ku zomera ndiye ziti?

Zambiri muli nazo kale pakhomo. Chinkhupule chosambira, chiwale, bango, gumbwa, nsungwi, thabwa lililonse, tileyi ya mazira yopangidwa ndi mapepala, katoni. Zonsezi ndi makoma opyapyala ozungulira mpweya. Zina anaumba ndi chomera chokha, zina anthu anaphwanya chomera n'kuumbanso mwatsopano.

Woyamba kuona tizipinda timeneti ndi makina okuza zinthu anali Robert Hooke wa ku England, m'chaka cha 1665. Iye anasenga kachidutswa ka khungwa la mtengo wa cork, limene amatsekera mabotolo a vinyo, ndipo anaona kuti lili ngati chisa cha njuchi. Lero kuwonjezera pa zachilengedwezo kuli thovu louma lopangidwa kuchokera ku ulusi wa mitengo, ndiponso china chopepuka koposa chotchedwa aerogel, chimene pafupifupi thupi lake lonse ndi mpweya. Cholinga cha ofufuza n'chakuti zimenezi zilowe m'malo mwa thovu lapulasitiki loyera lija limabwera m'katoni ya wailesi yakanema, zitchinge kutentha kudenga, zisefe madzi, zimwe mafuta otayika panyanja.

Ngati m'kati muli mpweya wokhawokha, mphamvu ikuchokera kuti?

Ikuchokera m'khoma la kachipinda kalikonse. Ganizirani nyumba yamitengo yophomedwa. Pali mitengo yoimika, pali luzi lomangira, pali dothi lophomera. M'chomera, mitengoyo ndi selulozi, ulusi wautali wolimba umene Anselme Payen wa ku France anaupatula koyamba mu 1838. Luzi ndi hemiselulozi. Dothi ndi liginini, amene amaumitsa khoma ndi kuliteteza kuti lisamwe madzi msanga. M'mitengo yambiri selulozi amakhala magawo 40 mpaka 50 pa 100 alionse, enawo n'kugawana chotsalacho. Thonje ndi selulozi pafupifupi yekhayekha, n'chifukwa chake limapindika mmene mungafunire koma silingaime palokha.

Chodabwitsa n'chakuti khoma lenilenilo limalemera mofanana m'mitengo yonse, pafupifupi makilogalamu 1,500 pa kiyubiki mita imodzi. Likanakhala lopanda mabowo likanamira m'madzi ngati mwala. Mbawa ndi balsa, mtengo wopepuka wa ku Ecuador uja, sizisiyana kwenikweni pa zomangira. Zimasiyana pa kuchuluka kwa mpweya. Balsa wambiri amalemera makilogalamu 150 okha pa muyeso womwewo, kusonyeza kuti magawo 9 pa 10 ndi mpweya basi.

Mbali imene ulusi walowera nayonso ili ndi mawu. Aliyense wowaza nkhuni amadziwa kuti nkhwangwa imalowa bwino motsatira ulusi, koma mopingasa mumatuluka thukuta.

Bwanji osangochulukitsa mabowo kuti chinthu chipepuke kwambiri?

Chifukwa mphamvu imathawa msanga kuposa kulemera. Lorna Gibson ndi Michael Ashby, amene anafufuza kwambiri za zinthu za tizipinda, anasonyeza kuti pa thovu la mabowo otseguka, mukachepetsa kulemera ndi theka, kuuma kwake sikutsika ndi theka ayi. Kumatsala gawo limodzi pa magawo anayi. Ndiye mukawerenga kuti wina wapanga thovu lopepuka loti n'kukhala pamwamba pa duwa, funso lanu likhale lakuti: nanga likanyamula thumba la shuga limatani?

Kulimba ndi kupindika si chinthu chimodzi?

Ayi, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Galasi ndi louma zedi koma likagwa ndi zidutswa. Mphira wa legeni sungachirikize kanthu koma mudzatopa ndinu kuukoka. Pali kuuma, kukana kupindika. Pali kunyamula katundu wolemera osaphwanyika. Pali kupirira, kumene chinthu chimamenyedwa n'kulandira nkhonyayo popanda mng'alu kuthamanga mpaka mbali ina. Ndiyeno pali kubwerera mwakale mukachisiya.

Njira zambiri zowonjezera chimodzi zimaba chinzake. Mukamanga ulusi mothinitsa, chinthu chimauma koma chimayamba kuthyoka ngati bisiketi. Mukaumasula kuti uzitsetsereka, chimapindika koma chimalefuka. Wina akakuuzani kuti wawonjezera zonse nthawi imodzi popanda kutaya kanthu, mufunseni kuti wayeza bwanji. Mwina n'zoona, koma kawirikawiri chotayikacho chimakhala chinthu chimene sanayeze: mtengo wake pamsika, kapena khalidwe lake m'dzinja.

Cork ndiye amene anayandikira kupeza zonse. Makoma ake ndi okwinyakwinya ngati malata, ndiye mukamufinya amapindana m'malo mosweka, mukamusiya amatambasukanso. Satupanso cham'mbali pofinyidwa, n'chifukwa chake amalowa bwino pakamwa pa botolo. Dziko la Portugal limatulutsa pafupifupi theka la cork wa padziko lonse, ndipo mtengo umodzi amausenda kamodzi pa zaka 9. Mawu oti makoma okwinya muwasunge, tikumana nawonso kutsogoloku.

N'chifukwa chiyani oluka malichero amayamba anyika nsungwi m'madzi?

Agogo anga aamuna ankaluka malichero ndi madengu. Zibale za nsungwi akazisenga ankazigoneka m'chibeseni chakale pansi pa mtengo wa mango, n'kuika mwala pamwamba kuti zisayandame. Pofika polunga mkombero, ankadutsitsa nsungwiyo pamwamba pa makala, uku akuipinda pang'onopang'ono pabondo, akuinunkhiza ngati ayesa ndiwo. Ikayamba kutuluka thukuta ankadziwa kuti yalola. Mukawafulumizitsa ankangoti, "Iwe, nsungwi sakangana nayo."

Zimene ankachitazo sayansi imazifotokoza motere. Madzi amalowa pakati pa tiulusi ta m'khoma n'kumasula kugwirana kwake, ndiye timatha kutsetsereka pang'ono. Kutentha kumafewetsa liginini ndi hemiselulozi, makamaka pakakhala chinyezi. Zikazirala ndi kuuma, zimagwirananso pamalo atsopanowo, mkombero n'kukhala wozungulira mpaka kalekale.

Michael Thonet anatengera nzeru yomweyi kufakitale. Mu 1859 kampani yake ya ku Vienna inayamba kugulitsa mpando wotchedwa Nambala 14, wopangidwa ndi ndodo za mtengo wa beech zophikidwa ndi nthunzi n'kupindidwa. Chinsinsi chake chinali lamba wachitsulo womangidwa kunja kwa popindikapo. Mtengo wofewetsedwa ndi nthunzi umalola kupanikizidwa kwambiri koma sulola kukokedwa, ndiye lambayo ankaletsa mbali yakunja kutamuka, kupindika konse n'kuchitikira m'kati. Akalipentala opinda matabwa ndi nthunzi mpaka pano amayendera lamulo la ola limodzi pa mamilimita 25 alionse a kuchindikala kwa thabwa.

Ndiye kuti madzi ndi bwenzi?

Ndi bwenzi pa tsiku loumba, mdani masiku ena onse. Ndipo pochoka samachoka mwaulemu.

Thovu la zomera limayamba ngati phala lamadzimadzi. Kuti likhale thovu, madziwo achoke mabowo atsale. Koma madzi akamauma m'kabowo kakang'ono amakoka makoma kuti akumane, monga mmene tsitsi lonyowa limamatirirana. Kabowo kakachepa, kukokako kumakula. Mukayanika phala la tiulusi padzuwa simupeza thovu, mupeza chikopa chokwinyata cholimba ngati nyanga. Choipanso n'chakuti makoma amene amatana motero samasukanso bwino ngakhale muwanyikenso.

Samuel Kistler wa ku California anapeza njira yozembera vutoli mu 1931. Anaona kuti madzimadzi akatenthetsedwa ndi kupanikizidwa kupitirira mlingo wina, pamakhala palibenso malire pakati pa madzi ndi mpweya, choncho palibe chokoka makoma. Ma aerogel ake otchuka anali a silika, chinthu chopezeka mumchenga ndi m'galasi, koma anapanganso a selulozi. Masiku ano amagwiritsa mpweya wa carbon dioxide, umene umafika pamlingowo pa madigiri 31, utapanikizidwa kuposa mpweya tikupumawu maulendo 70 ndi kuposerapo. Makina ake si a pa msika wa Ndirande.

Njira yachiwiri, imene ofufuza ambiri amakonda, ndi kuumitsa phalalo m'chisanu mpaka madzi aundane, kenako kuliika m'chipinda chochotsedwa mpweya kuti madzi oundanawo auluke osasungunuka. Apa pali kokoma. Timiyala ta madzi oundana tikamakula timakankhira ulusi m'mbali, ndiye tikachoka mabowo amatenga maonekedwe ake. Mukaziziritsa mwachangu, mwachitsanzo ndi naitirojeni wamadzi wa madigiri 196 pansi pa ziro, mabowo amakhala aang'ono. Mukaziziritsa pang'onopang'ono amakhala aakulu. Mukaziziritsa kuchokera pansi pokha, timiyalato timakula choimirira, n'kusiya timipaipi tondondozana ngati m'bango. Thovu lotero limanyamula katundu motsatira timipaipito, koma cham'mbali limafinyika ngati khushoni. Kulimba mbali ina, kufewa mbali ina: ndiyo njira imodzi yonyengerera mkangano uja tinaunena.

Ndinamva za thabwa lolimba ngati chitsulo. N'zoona kapena ndi za pa Facebook?

Kafukufukuyo alipodi. Mu 2018 gulu la Liangbing Hu, panthawiyo ali ku University of Maryland, linafalitsa njira ya masitepe awiri. Choyamba amawiritsa thabwa m'madzi a kositiki soda ndi sodium sulfite, mankhwala odziwika kale m'mafakitale a mapepala, kuti achotseko liginini ndi hemiselulozi. Chachiwiri amalipanikiza likutentha madigiri 100 kwa pafupifupi tsiku lathunthu. Tizipinda tonse timaphwatalala, thabwa n'kutsala gawo limodzi pa magawo asanu a kuchindikala kwake. Iwo anayeza n'kupeza kuti mphamvu yake inakwera kuposa maulendo 10.

Mfundo imene imandisangalatsa m'menemo ndi yakuti atachotsa liginini yense, zotsatira zinaipa. Thabwa linkangofumbutuka pansi pa chopanikizira. Zinakoma atachotsa pafupifupi theka. Dothi lija mukaligumula lonse, mitengo ya nyumba ilibenso choigwira.

Koma onani bwino. Chimene chatsalacho sichilinso cha mabowo. Apeza mphamvu pothamangitsa mpweya, ndiye thabwalo ndi lolemera katatu ndipo silingatchingenso kutentha monga kale. Kufanizira ndi chitsulo kumagwira mukayerekeza kilogalamu ndi kilogalamu, komanso mukakoka motsatira ulusi. Ndipo thabwa lopanikizidwa likamwa chinyezi limafuna kufufuma kubwerera kumene linachoka, choncho liyenera kupakidwa zoteteza.

Mu 2021 gulu lomwelo linabwera ndi ina imene ine ndimaiona yochenjera kuposa yoyambayo. Amachotsako liginini, amaumitsa thabwa mpaka likwinyate, kenako amaliviika m'madzi kwa mphindi zochepa chabe. Mabowo aakulu amatseguka msanga pamene makoma amatsala okwinyakwinya. Thabwa lopyapyala lotero limapindika ngati katoni osasweka, ndipo likauma limakhala m'maonekedwe amene mwalipatsa. Makoma okwinya a cork aja, apa awapanga ndi manja.

Nanga siponji yamtengo?

Amayamba ndi balsa. Amachotsa liginini ndi mankhwala oyeretsera, amachotsa hemiselulozi ndi kositiki soda, n'kuumitsa m'chisanu monga tafotokozera. Tizipinda timasweka n'kusanduka timapepala tosanjikizana ngati mafunde, tofanana ndi masipuling'i a kumbuyo kwa lole. Mukafinya mbali yoyenera timagona, mukasiya timadzuka. Ofufuza a ku Chinese Academy of Forestry mu 2018 anapaka siponji yotere mankhwala okana madzi, ndipo inkamwa mafuta n'kusiya madzi. Mukaifinya mafutawo amatuluka, n'kuigwiritsanso ntchito.

Chinkhupule chathu chimachita zofananako popanda mankhwala. Chikakhala chouma chimakanda, chikanyowa chimafewa n'kumabwerera mukachifinya, chifukwa ulusi wake ndi wolukana mbali zonse ndipo mfundo zake n'zomera pamodzi, osati zongokhudzana.

Mawu oti nanocellulose ndimawaona paliponse. Akutanthauza chiyani?

Ndi selulozi wong'ambidwa mpaka kufika pa tiulusi tochepetsetsa. Tengani khonje, mulipale mupeze ulusi. Ulusiwo muung'ambe, chong'ambikacho muching'ambenso, mpaka mufike pa kaulusi kochepa kuposa tsitsi la munthu maulendo oposa 10,000. Albin Turbak ndi anzake a pa kampani ya ITT Rayonier ku America anafalitsa njira yoyamba mu 1983, pokankha phala la mapepala m'kampata kakang'ono ndi mphamvu yoopsa. Inkadya magetsi ochuluka kwambiri. M'zaka za m'ma 2000 Akira Isogai ndi Tsuguyuki Saito a ku University of Tokyo anapeza kuti mankhwala otchedwa TEMPO amachititsa tiulusi kukankhana tokha, ndiye kulekanitsa kumafuna mphamvu yochepa.

Phindu lake n'lotani? Tiulusi tatitali topyapyala timakolana ngati ukonde wa asodzi, choncho thovu lake limapindika m'malo mofumbutuka. Aerogel wa silika mukamufinya amasweka ngati chigoba cha dzira, pamene wa tiulusi ta selulozi amatha kupindidwa. Tikasakanizidwa pang'ono m'phala la sitalichi kapena la mapepala, timalimbitsa makoma monga udzu umalimbitsira dothi loumbira. Vuto ndi madzi. Phala lake limagwirana ngati odzola pamene selulozi ali magawo 1 kapena 2 okha pa 100. Amene wagula dilamu yake wagula madzi, ndipo kuwachotsa ndiyo ndalama.

Pali mankhwala omangira ulusi kuti usamasuke?

Alipo. Popanda iwo tiulusi timangogwirana mwa kukhudzana, ndipo madzi akabwera timasiyana. Mankhwala omangira amakhoma mlatho weniweni pakati pa ulusi ndi unzake. Wodziwika ndiponso wosaopsa kwambiri ndi asidi wa m'mandimu, amene amagulitsidwa ngati ufa woyera. Chinthu chikaviikidwa m'menemo, n'kuumitsidwa, n'kutenthetsedwa cha m'ma madigiri 150, asidiyo amagwira ulusi uku ndi uku. Chikatero sichisungunukanso m'madzi ndipo chimabwerera bwino chikafinyidwa. Ena amagwiritsa glutaraldehyde kapena epichlorohydrin, koma awa ndi poizoni, si oseweretsa.

Mukachulukitsa, asidi ndi kutentha zimadula ulusi womwe mumati mulimbitse. Opanga nsalu anaziona kalekale: thonje lothiridwa mankhwala oletsa makwinya limang'ambika msanga kuposa losathiridwa.

Mbali inayo kuli zofewetsa, ndipo mfumu yake ndi gilisalini yemwe uja timadzola m'miyendo mwezi wa June. Amakhala pakati pa ulusi ngati madzi, koma sauluka. Thovu la sitalichi lopanda gilisalini limasweka ngati chipisi, lokhala naye limapindika. Koma gilisalini amaitana chinyezi, ndiye mukapyola muyeso chinthu chimakhala chonata, cholefuka. Maphikidwe abwino amakhala ndi zonse ziwiri, chomangira pang'ono ndi chofewetsa pang'ono, ndipo muyeso wake umapezeka mwa kuyesa ndi kulephera.

Zonsezi zingapirire dzinja?

Funso limeneli ndiye ndimalikonda, chifukwa ambiri mwa mayeso a m'malabotale amachitikira m'chipinda chozizirira bwino cha chinyezi choyezedwa. Ku Nkhata Bay kapena ku Mulanje mwezi wa February kulibe chipinda chotero.

Selulozi amakonda madzi mwachibadwa. Thabwa limamwa chinyezi cha mumpweya mpaka makoma ake atakhuta, cha m'ma magawo 30 pa 100 a kulemera kwake, ndipo likamamwa limafufuma ndi kufooka. Chitseko chokana kutsekeka m'dzinja ndi umboni wake. Njira zothana nazo zilipo zitatu zazikulu, iliyonse ndi mtengo wake.

Kupaka kunja, kaya ndi phula, mafuta, utomoni kapena mankhwala otchedwa silane, kumachititsa dontho kugubuduka osalowa. Zithunzi zake zimakongola. Koma kukana dontho si kukana chinyezi cha mumpweya, chimene chimalowabe mwakachetechete.

Kusintha khoma lenilenilo ndiko kumagwira kwambiri. Ku Arnhem m'dziko la Netherlands kuli fakitale yopanga matabwa a Accoya, kumene paini amalowetsedwa mankhwala achibale cha viniga. Mankhwalawo amakhala pa malo amene madzi akanagwira, ndiye thabwa silifufuma kwambiri ndipo siliola msanga. Likamachekedwa limanunkha viniga pang'ono. Ndi lodula.

Ku Finland anakulitsa njira yootcha matabwa pa madigiri 180 mpaka 230 m'nthunzi, popanda mpweya woyatsa moto. Hemiselulozi amawonongekako, thabwa limada n'kusiya kumwa madzi ambiri. Koma luzi lija lapsa, ndiye thabwalo limathyoka msanga. N'labwino kukhomera kunja kwa khoma, osati kupangira mitanda yonyamula denga.

Moto ndi chiswe?

Chinthu chouma chodzaza mpweya ndi nkhuni zabwino, palibe kubisa. Mankhwala otchedwa borax ndi boric acid ndiwo amathandiza mbali zonse ziwiri. Ku Ulaya ndi ku America amatchinga kutentha m'madenga ndi manyuzipepala akale opera osakaniza mankhwala amenewa. Amachedwetsa moto ndipo tizilombo sitiwakonda. Kuipa kwake n'kwakuti amasungunuka, choncho mvula ikamawomba amakokoloka. Ofufuza ena amasakaniza dongo losalala kwambiri m'thovu, kuti moto ukafika upeze chikhokho m'malo mwa chakudya.

Nsungwi imafumbwa chifukwa cha sitalichi wa m'kati mwake. Yodulidwa itakhwima, ya zaka 3 mpaka 5, n'kunyikidwa m'madzi oyenda kwa masabata angapo kapena m'madzi a borax, imakhalitsa kuposa yodulidwa yanthete n'kukhomedwa tsiku lomwelo.

Chikathiridwa mankhwala onsewo chimaolabe chikatayidwa?

Zimadalira chimene mwathira. Asidi wa m'mandimu, sitalichi, gilisalini ndi phula la njuchi zimaola, ngakhale kuti zomangira zimachedwetsa. Koma ulusi wa khonje womizidwa m'utomoni wa epoxy wasanduka pulasitiki yokhala ndi khonje m'kati, ndipo mawu oti "chochokera ku zomera" pa chikuto sasintha zimenezo. Pali kutsutsana kumene sikutha: tikufuna chinthu chokana kuola zaka khumi chili padenga, koma choola miyezi itatu chikafika kudzala. Tizilombo toolesa sitidziwa kusiyanitsa denga ndi dzala, timangoona chinyezi. Muwerengerenso madzi akuda otsala powiritsa matabwa m'kositiki soda. Mafakitale aakulu a mapepala amawabweza n'kuwagwiritsanso ntchito, koma wopanga pang'ono akawathira mumtsinje wapha nsomba pofuna kupulumutsa chilengedwe.

Zopangira zili mbwee kwathu kuno. Bwanji sitikupanga?

Zilipodi. Mapesi timawatentha chaka ndi chaka, mankhusu a mpunga ku Karonga ndi ku Nkhotakota, utuchi wa ku Chikangawa, makungwa a nthochi, ndi namasupuni amene amavutitsa pa mtsinje wa Shire mpaka kusokoneza makina opangira magetsi ku Nkula. Zotsalira za nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa zili kale ndi ntchito, zimasonkhezera moto wa fakitale. Lamulo la 2015 loletsa mapulasitiki opyapyala osafika ma micron 60 kuchindikala (micron imodzi ndi gawo limodzi pa magawo 1,000 a milimita), limene khoti lalikulu la apilo linaligwirizira mu 2019, linatsegula maso a anthu pa zolongedzera zina, ngakhale kuti lamulolo limanena za majumbo, osati thovu.

Koma chopangira si chimene chimadula. Chodula ndi kusonkhanitsa zinthu zopepuka zodzaza lole musanafikitse tani imodzi, kuziumitsa, mankhwala ogulidwa ndi ndalama zakunja, ndi magetsi osazima. Makina oumitsira m'chisanu amayenda usana ndi usiku kwa masiku awiri kapena atatu, ndipo magetsi akathima pakati, phala lasungunuka, ntchito yonse yapita. Namasupuni ndi madzi kuposa magawo 90 pa 100, ndiye wonyamula bwato lodzaza amatsala ndi kamtolo. Kuganiza kwanga n'kwakuti aerogel tiwasiyire a makina. Pamene tingapikisane ndi pa zinthu zoumbidwa ndi phala la ulusi, zopanikizidwa n'kuyanikidwa: matileyi, zotchinga kutentha pansi pa malata, timiphika ta mbande za mitengo, zotetezera tomato ndi mazira paulendo.

Ndingayese chiyani kunyumba kapena kusukulu?

Yambani ndi mapepala akale. Anyikeni usiku wonse, muwasinje mumtondo mpaka akhale phala, mugawe panayi. Gawo loyamba lisiyeni lokha. Lachiwiri thirani phala lopyapyala la ufa wa chinangwa. Lachitatu phala lomwelo ndi kasupuni ka gilisalini. Lachinayi onjezaninso ulusi wa khonje kapena wa nthochi woduladula kutalika ngati chala chaching'ono. Umbani timatabwa tofanana kukula ndi kuchindikala, panikizani ndi njerwa zofanana, yanikani pamthunzi podutsa mphepo. Padzuwa lamphamvu kunja kumauma msanga m'kati muli madzi, chinthu n'kupotoka.

Ngati mukufuna kuti ulusi wa khonje ugwirane bwino ndi phala, uwiritseni kaye m'chidulo. Chidulo chimene chimafewetsa therere ndi chibale chofatsa cha kositiki soda: chimachotsa phula ndi zonata za kunja kwa ulusi, n'kuusiya wokhakhala. John Mercer wa ku England anaona mu 1844 kuti soda wamphamvu amasintha ulusi wa thonje, ndipo mafakitale a nsalu amagwiritsabe njira yake. Kositiki soda weniweni amawotcha khungu ndi kuchititsa khungu m'maso, choncho ana asamuyandikire, ndipo wamkulu avale magolovesi ndi magalasi.

Poyeza, gonekani kathabwa pa njerwa ziwiri, mupachike kachitini pakati, muzithiramo mchenga ndi kapu mpaka kathyoke. Lembani makapu angati, komanso kanapindika motani kasanathyoke, ndiponso ngati kanathyoka mwadzidzidzi kapena kanayamba kalira. Ka khonje kamachenjeza, kamang'ambika pang'onopang'ono ulusi ukusololoka, ndipo kumeneko ndiko kupirira kuja.

Kenako chitani chimene ine ndinaiwala ulendo woyamba. Ndinaumba matileyi asanu ndi limodzi mwezi wa October, anauma gwa, ndinaimikapo njerwa zitatu osaphwanyika, mpaka ndinaitana aneba kudzaona. Ndinawasunga pamwamba pa kabati. Pofika January ndikukawatsitsa, a gilisalini wambiri anali atagona ngati chigumu chosapsa, a chinangwa atamera chuku chobiriwira, ndipo mphemvu zinali zitaboola awiri n'kuikiramo mazira awo. Lomwe linatsala bwino linali limodzi lokha, la khonje, limene ndinalipaka phula la njuchi chifukwa choti phulalo linatsalira pa ntchito ina. Choncho umbani timatabwa tiwiritiwiri pa mtundu uliwonse. Kamodzi kathyoleni kali kouma. Kenako tengani ndowa, thiranimo madzi pang'ono, muike kanzakeko pa kachitini kuti kasakhudze madziwo, vundikirani, mudikire masiku asanu musanabwere ndi mchenga wanu uja.